Mmene Kbuild imafunsira compiler: kusanthula cc-option ndi cc-disable-warning

Mu foda ya scripts ya kernel ya Linux muli fayilo yotchedwa Makefile.compiler. Ndi yaifupi, ndipo ambiri amene amamanga kernel sanayitsegulepo n'komwe, koma munthu akangolemba make, mizere yake imayamba ntchito compiler isanakhudze fayilo ya C ngakhale imodzi. Mizere ingapo m'menemo ili ndi ntchito imodzi, yofunsa compiler ngati ikuidziwa flag inayake, makamaka ma flag oyamba ndi -W amene amayatsa kapena kuzimitsa machenjezo.

Kufunsako kuli ndi chifukwa. Kernel imamangidwa ndi GCC komanso Clang, ndipo iliyonse ili ndi mitundu yakale ndi yatsopano imene anthu akugwiritsabe ntchito. Mtundu watsopano umabwera ndi machenjezo atsopano. Ena ndi othandiza, ena amangodzaza sikirini ndi madandaulo pa code yomwe ilibe vuto. Wolemba Makefile amafuna kuyatsa awa n'kuzimitsa awo, koma GCC ikapatsidwa flag ya -W imene siikuidziwa imakana ntchito yonse n'kuima pomwepo. Ndiye flag iliyonse yokayikitsa imayenera kuyesedwa kaye isanalowe m'gulu la ma flag enieni.

Maziko a zonse ndi macro yotchedwa try-run, ndipo mtima wake ndi uwu:

if ($(1)) >/dev/null 2>&1; then echo "$(2)"; else echo "$(3)"; fi

Lamulo loyamba likayenda bwino, yankho ndi chinthu chachiwiri. Likalephera, yankho ndi chachitatu. Chofunika kuchiona ndi pakatipo: chilichonse chimene compiler yanena, kaya chenjezo kaya dandaulo, chikutayidwa ku /dev/null. Mzerewu sumvera mawu a compiler. Umangoyang'ana nambala imene pulogalamu imasiya ikamatha, 0 ngati zayenda, nambala ina ngati zalephera. Ine ndimauona kuti ndi mzere wanzeru, chifukwa mawu a compiler amasintha chaka ndi chaka, ndipo GCC imatha kulankhula Chijeremani kapena Chifalansa malinga ndi mmene kompyuta yakonzedwera. CMake, mu check_c_compiler_flag, imawerenganso zimene compiler yalemba n'kumafufuzamo mawu odziwika okanira, kotero imayenera kusunga mndandanda wa mmene compiler iliyonse imadandaulira. Kbuild, dongosolo lomangira kernel, inadzichotsera katundu ameneyo. Koma potero inadziika pamalo ovuta: compiler ikasiya 0 pomwe flag siikuidziwa, palibe china chotsala chodziwira.

Mizere yozungulira mtima umenewu ndi yosamalira ukhondo. Imatsegula foda yakanthawi yokhala ndi nambala ya process ya shell m'dzina lake, kuti mayeso awiri oyenda nthawi imodzi asapondane, ndipo trap imaifufuta yonse pomaliza. Poyamba inali fayilo imodzi chabe. Inasanduka foda chifukwa ma flag ena, monga -gsplit-dwarf, amabereka fayilo yowonjezera ya .dwo imene inkatsalira.

Funso lenileni likulembedwa mu __cc-option, macro imene cc-option imaitana. Kwa zaka zingapo chisanafike chaka cha 2025 linkaoneka motere:

$(1) -Werror $(2) $(3) -c -x c /dev/null -o "$$TMP",$(3),$(4)

Choyamba ndi compiler, chachiwiri ndi ma flag amene asankhidwa kale, chachitatu ndi flag yoyesedwa, chachinayi ndi cholowa m'malo mwake ikakanidwa. Code yoyesera palibe: compiler ikupatsidwa /dev/null, fayilo yopanda kanthu. Popeza dzina limeneli silithera ndi .c, pakufunika -x c kuiuza kuti iwerenge ngati C, ndipo -c ikuiletsa kupitirira mpaka pa linker, komwe ikanadandaula kuti palibe main. Cholinga n'chakuti pasakhale china chilichonse chimene chingalephere kupatula flag yoyesedwayo.

Mawu akuti -Werror sanalipo pachiyambi. Analowa mu 2017, kuchokera ku ntchito ya LLVMLinux yofuna kuti kernel izimangika ndi Clang. Clang ndi yofatsa kuposa GCC pa nkhaniyi: ikakumana ndi flag ya chenjezo yachilendo imangonena kuti siikuidziwa, n'kupitiriza ntchito, n'kusiya 0. Kwa try-run, imene inatseka makutu, 0 ameneyu amatanthauza kuvomera. Poika -Werror, chenjezo lililonse limasanduka cholakwika, ndipo kung'ung'udza kwa Clang kumakhala kukana komveka.

Mankhwalawa ali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ukubisala mu $(2). Ma flag akale amalowa m'mayeso chifukwa ma flag ena amadalira anzawo. Flag yovomerezeka pomangira purosesa ya ARM ikhoza kukanidwa pomangira x86. Koma pakangopezeka flag imodzi yakale imene imatulutsa chenjezo ngakhale pa fayilo yopanda kanthu, mayeso onse otsatira amalephera, ndipo amalephera mwakachetechete. Chitsanzo chosavuta ndi -pedantic: GCC imachenjeza kuti malamulo a ISO C salola fayilo yopanda kanthu. Kernel siigwiritsa ntchito -pedantic, koma amene angakopere mizereyi n'kuiika mu Makefile ya pulogalamu yake yokhala ndi -pedantic adzapeza kuti compiler ikuoneka ngati siidziwa flag ina iliyonse. Sadzaona uthenga, popeza uthenga unapita ku /dev/null. Apa ndimaona kuti Autoconf imachita bwino, chifukwa imasunga lamulo lililonse ndi yankho lake mu config.log, ndipo munthu akhoza kubwerera kukaona chimene chinachitika. Kbuild inasankha kupepuka, ndipo wofufuza vuto amayenera kulemba lamulolo yekha pamanja kuti amve chimene compiler inanena.

Tsopano tifike pamzere umene ndimaukonda kuposa yonse. Uwu ndi cc-disable-warning monga unalili mpaka 2024:

$(CC) -Werror $(KBUILD_CPPFLAGS) $(KBUILD_CFLAGS) -W$(strip $(1)) -c -x c /dev/null -o "$$TMP",-Wno-$(strip $(1))

Wowerenga mothamanga angaganize kuti ndi cc-option yomweyo atangoipatsa dzina lina. Koma taonani kumanzere ndi kumanja kwa koma (,). Kumanzere, kumene kuli funso, kwalembedwa -W. Kumanja, kumene kuli yankho, kwalembedwa -Wno-. Mzerewu ukufuna kuzimitsa chenjezo, koma pofunsa ukupempha compiler kuti iliyatse. Chimene chikuyesedwa si chimene chidzagwiritsidwe ntchito.

Chifukwa chake chili mu GCC 4.4 ya mu 2009. Kuyambira pamenepo, GCC ikapatsidwa flag ya -Wno- imene siikuidziwa imakhala chete, pokhapokha ngati pali chenjezo kapena cholakwika china chimene ikunena. Zikatero ndiye imatchulanso kuti pali flag yachilendo. Olemba GCC sanalakwitse. Compiler yakale imene siidziwa chenjezo linalake singalitulutse, ndiye kuiuza kuti isalitulutse n'kuiuza chimene ikuchita kale. Kuimitsa ntchito pa chifukwa chimenechi kukanangovutitsa anthu amene akumanga pulogalamu yatsopano ndi zida zakale. Koma ikani khalidwe limeneli pambali pa /dev/null. Fayilo yopanda kanthu siitulutsa chenjezo lina lililonse, kotero GCC imakhala chete, -Werror imasowa chogwira, ndipo yankho ndi 0 nthawi zonse. Mukhoza kulemba -Wno- n'kutsatiza dzina la agogo anu, GCC idzavomera. Ukhondo womwewo umene unapangitsa /dev/null kukhala chida chabwino choyesera ndi umene unachititsa mayesowo kukhala opanda pake.

Zili ngati kuuza mlonda watsopano kuti asamatsegule geti la kumunsi. Adzavomera ndi mtima wonse, kaya geti akulidziwa kaya ayi, popeza kusatsegula sikufuna kudziwa kumene lili. Ukafuna kutsimikiza, umamutuma kuti akalitsegule.

Nkhaniyi inaonekera poyera mu 2011, GCC 4.6 itabwera ndi -Wunused-but-set-variable, chenjezo la variable imene yapatsidwa mtengo koma osawerengedwa. Kernel inali ndi malo ambiri otere, ndipo anaganiza zolizimitsa pogwiritsa ntchito cc-option. Pa GCC 4.4 ndi 4.5 mayeso ankavomera flag imene compiler sinkaidziwa, ndipo fayilo iliyonse yokhala ndi chenjezo lenileni inkatulutsanso dandaulo lachiwiri la flag yachilendo. Michal Marek, amene ankayang'anira Kbuild nthawi imeneyo, ndi amene anawonjezera cc-disable-warning kuti athetse zimenezi.

Wina anganene kuti vutoli ndi laling'ono, popeza kernel inkamangikabe. N'zoona, koma ine sindikuliona kukhala laling'ono. Dandaulo lachiwirili limatulukira pa nthawi yoipa kwambiri, pamene munthu ali kale ndi vuto lenileni m'code yake, ndipo limamukokera maso ku Makefile imene ilibe mlandu ndi vutolo. Machenjezo amathandiza pokhapokha ngati anthu akuwawerenga, ndipo phokoso lililonse lowonjezera limawazoloweza kudumpha mizere. Kusamala konse kwa ma flag a -W cholinga chake n'chakuti compiler ikalankhula, munthu aime n'kumvetsera.

Kanthu kakang'ono ka strip nakonso kali ndi ntchito. Mu GNU make, mpata umene munthu wasiya pambuyo pa koma mu call umalowa nawo mu $(1). Popanda strip, -W ndi dzina la chenjezo zikanalekana n'kukhala mawu awiri, ndipo compiler ikanatenga dzinalo ngati fayilo yoti iwerenge. Mayeso akanalephera chifukwa cha mpata umodzi, osanena kanthu.

Komabe njira ya mu 2011 inasiya msampha. Panali ma macro awiri, ndipo wolemba Makefile ankayenera kukumbukira yekha kuti flag yoyamba ndi -Wno- siipita ku cc-option. Dzina lakuti cc-option silichenjeza munthu za zimenezi, ndipo kulakwitsako sikuoneka pa kompyuta ya wolakwitsayo, chifukwa iye amakhala ndi compiler yatsopano imene flagyo imaidziwadi. Amene amavutika ndi mnzake wa compiler yakale. Mu 2025, GCC 15 itabweretsa -Wunterminated-string-initialization, Linus Torvalds mwiniwake anagwa mu msampha umenewu, ndipo pofufuza anapeza malo ena angapo mu kernel olakwika mofanana. Anakonza malowo, kenako anakonza gwero lake. Mu __cc-option, $(3) woyamba uja anasanduka:

$(3:-Wno-%=-W%)

Kalembedwe aka ka make kakutanthauza kuti mawu aliwonse a mu $(3) oyamba ndi -Wno- asinthidwe kuti ayambe ndi -W, mbali yotsalayo isakhudzidwe. Flag yosayamba choncho imadutsa momwe ilili. $(3) wachiwiri, wa kuyankho, sanasinthidwe. Nzeru ya Marek yofunsa motembenuza inalowa mkati mwa macro yaikulu, ndipo cc-disable-warning inatsala ngati njira yachidule yoitanira cc-option. Gnulib, mu fayilo yake ya warnings.m4, inali ikuchita zofanana kwa nthawi yaitali: imatembenuza -Wno- kukhala -W isanayese, ndipo kwa Clang imawonjezera -Wunknown-warning-option ndi -Werror. Ndikuona kuti kusintha kwa 2025 kunali koyenera, ngakhale kunapangitsa mzerewo kuvuta kuwerenga. Khalidwe lapadera la GCC tsopano lalembedwa malo amodzi, m'malo modalira kuti anthu mazanamazana osintha ma Makefile a kernel azilikumbukira aliyense payekha.

Pali chimodzi chimene mizere yonseyi singathe kutsimikiza, ngakhale itakonzedwa chotani. Mayeso amaonetsa kuti compiler yalandira dzina la flag. Saonetsa kuti ichitapo kanthu. Clang imalandira ma flag angapo a GCC, monga -Waggregate-return ndi -Wdisabled-optimization, pongofuna kuti ma Makefile olembedwera GCC asaime, ndipo zolemba zake zimanena poyera kuti ma flag amenewa sachita kalikonse mu Clang. Pozimitsa chenjezo zimenezi zilibe vuto. Poyatsa ndi pamene pali nkhani, chifukwa cc-option idzavomera, flag idzaoneka pa lamulo lomangira fayilo iliyonse, ndipo mwini pulogalamu adzakhulupirira kuti code yake ikuyang'aniridwa pomwe palibe chikuyang'ana. Wofuna kudziwa ngati chenjezo likugwiradi ntchito ayenera kusiya /dev/null, alembe kafayilo ka C kolakwika dala mwa njira imene chenjezolo liyenera kugwira, akamange kawiri pansi pa -Werror, kamodzi popanda flagyo ndi kamodzi nayo, n'kuona ngati koyamba kadutsa ndipo kachiwiri kakanidwa.