Aphunzitsi a Chingerezi, Musaweruze ndi Makina

Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, aphunzitsi a Chingerezi m'mayunivesite ali pa mpanipani. Wophunzira amangolamula kompyuta kuti imuzukutire ndakatulo, ndipo mphindi isanathe masamba atatu adzadza. Kodi ophunzitsawo akonzeka kuthana ndi zimenezi mwachilungamo?

Ena athamangira ku mapulogalamu omwe amati amagwira zolembedwa ndi makina. Apa mpomwe pagona vuto. Mu 2023 akatswiri a ku Stanford University, ku America, adayesa mapulogalamu 7 otere pa nkhani zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi adachita kuphunzira. Nkhani zoposa theka zidanamiziridwa kuti n'za makina, pomwe za ana obadwira m'Chingerezi zidadutsa pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamuwa amakayikira mawu osavuta, ozolowereka, ndipo ndi momwe amalembera munthu amene Chingerezi adachipeza m'kalasi. Ngakhale eni ake ChatGPT, a OpenAI, adasiya pulogalamu yawo yotereyi mu Julayi 2023 poona kuti imaphonya kwambiri.

Tsono taganizirani wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu, yemwe kwawo amayankhula Chiyao kapena Chitumbuka. Wachezera usiku kulemba yekha, mawa lake makina akuti waba. Adzadziteteza bwanji?

Ife kuno tikudziwa kuwawa kwa chilango chopanda mlandu. Jack Mapanje, mlembi wa Of Chameleons and Gods, adamangidwa mu 1987 ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, nakhala m'ndende mpaka 1991 osaonekera kubwalo. Madipatimenti okhala ndi mbiri yotere sayenera kugamula popanda kumva mbali ya mwini nkhani.

Kukonzeka kwenikweni n'kwina. Mphunzitsi ayambe wawayesa yekha makinawo. Awafunse za olemba a kwathu, aone momwe nthawi zina amapekera mabuku omwe kulibe, kenaka zolakwikazo apite nazo m'kalasi ophunzira akazisanthule. Anene poyera zomwe n'zololedwa, ndipo wogwiritsa ntchito makina aziulula. Naye mphunzitsi aziulula akawagwiritsa ntchito, komanso asamaponyemo zolemba za ophunzira eni ake osadziwa. Akakayikira nkhani, aitane mwini wake adzaifotokoze pakamwa.

Inde, makalasi ndi odzadza ndipo nthawi njochepa. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ya mphunzitsi wa zolembalemba ndi kuwerenga modekha, ndipo akaipereka kwa makina, walakwa chimodzimodzi ndi wophunzira yemwe akumuimba mlanduyo.