Mapu a Mulanje sanakalambe mofanana

Mapu apepala a phiri la Mulanje, aja okwera phiri amanyamula pamodzi ndi buku la Frank Eastwood la mu 1979, ndimawakhulupirira theka lokha.

Pa nkhani ya miyala palibe chowadandaulira. Timizere tosonyeza kukwera kwa malo tikathithikana kumadzulo kwa Chambe, ngakhale amene sanapondeko amamva m'mawondo kuti pamenepo ndi paphompho. Pa Lichenya timizereto timatayana, ndipo pomwepo m'pamene mwendo umapumadi. Sapitwa ndi mamita 3,002 papepala ndi paphiri pomwe. Amene anayeza zimenezi anagwira ntchito yolemekezeka.

Zikafika pa nkhalango, mapuwa amanena za dzana ngati za lero. Mulanje inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse. Macheka ndi moto wolusa zadya pafupifupi mitengo yonse ikuluikulu, koma pepala likusonyezabe nkhalango m'zigwa momwe mwatsala zitsa. Wojambula sananame ayi, anajambula zimene anaona nthawi yake. Cholakwika n'chakuti chizindikiro cha mtengo ndi cha thanthwe zimaoneka zolimba mofanana, pamene thanthwe limakhala zaka zikwizikwi ndipo mtengo umagwa m'mawa umodzi. Munthu wa mu ofesi ku Lilongwe akayala pepalalo patebulo, aganiza kuti zinthu zili bwino. Ndikadakonda chaka chimene nkhalangoyo inaonedwa chitalembedwa ndi zilembo zazikulu, osati kumunsi komwe palibe amawerenga.

Ngakhale nthaka yeniyeniyo imasuntha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zina za phirili ku Mulanje ndi ku Phalombe, matope ndi miyala n'kukwirira midzi. Akuluakulu amati wadutsa Napolo. Zipsera zakezo mapu akale alibe.

Ndiye pali mayina. Sapitwa ndi chenjezo, kunena kuti kumeneko sikupitidwa, koma pamapu langokhala dzina la kofikira. Dziwe la Nkhalamba nalo lasanduka malo osambira alendo basi. N'chifukwa chake chiperoni chikatsika n'kubisa chilichonse, ine ndimapinda pepala n'kutsata mnyamata wa ku Likhubula amene akudziwa kuti njira ya chaka chatha inakokoloka pati.