Kodi Henry VIII Ndiye Adayambitsa Mpingo wa Angilikani?

Pa mikangano ya zachipembedzo kumamveka kawirikawiri mawu akuti mpingo wa Angilikani udabadwa chifukwa mfumu ina ya ku England idafuna kusudzula mkazi wake. Mawuwa ndi osavuta kuloweza, ndipo amasowetsa mnzako choyankha. Koma kuno kunyanja, ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Malindi, Aangilikani ndi anansi athu, ena ndi alamu athu. Tisanawauze mbiri yawo, chilungamo chifuna kuti tiyambe tawayeza mawuwa pa sikelo.

Choona chilimo ndithu. Mu 1509 Henry VIII adalowa ufumu nakwatira Catherine wa ku Aragon, mkazi wamasiye wa mkulu wake Arthur. Kudali ngati kulowa chokolo, ndipo malamulo a mpingo sadalole zimenezi popanda chilolezo cha Papa, chomwe Julius II adapereka. Mwa ana awo adakula ndi mmodzi yekha, wamkazi, Mary. Henry, poopa kuti ufumu usowa wolowa m'malo wamwamuna, komanso mtima wake utatengeka ndi Anne Boleyn, adapempha Papa Clement VII mu 1527 kuti agamule kuti ukwatiwo sudali wovomerezeka kuyambira pachiyambi. Papa adazengereza, pakuti chaka chomwecho asilikali a mfumu Charles V, mwana wa mchemwali wake wa Catherine, adali atalanda mzinda wa Rome. Henry atatopa, nkhaniyo idaweruzidwa kwawo konko: mu 1533 bishopu wamkulu wa ku Canterbury, Thomas Cranmer, adathetsa ukwatiwo, ndipo mu 1534 nyumba ya malamulo idalengeza kuti mfumu ndiye mutu wa mpingo wa ku England. Popanda nkhani ya ukwatiyi, chingwe cha ku Rome sichikadaduka chaka chimenecho.

Vuto la mawu aja ndi zimene amasiya. Choyamba, Henry sadamange mpingo pa malo opanda kanthu. Mpando wa ubishopu wa ku Canterbury udalipo kuyambira masiku a Augustine, amene adafika mu 597. Matchalitchi, ansembe ndi akhristu adali omwewo. Chidasintha ndi mwini ulamuliro.

Chachiwiri, Henry sadafune chiphunzitso chatsopano. Mu 1521 adalemba buku lotsutsa Martin Luther, ndipo Papa Leo X adamupatsa dzina laulemu la mtetezi wa chikhulupiriro. Ngakhale atasiyana ndi Rome, lamulo lake la mu 1539 lidasunga Misa monga kale, lidasunga kuulula machimo kwa wansembe, ndipo lidaletsa ansembe kukwatira. Pa 30 July 1540, ku Smithfield mu London, adaphetsa anthu asanu ndi mmodzi tsiku limodzi: atatu adatenthedwa chifukwa chotsata maphunzitso a Luther, atatu adanyongedwa chifukwa chokana kuti mfumu ndiye mutu wa mpingo. Munthu wotere sitingamutchule mphunzitsi wa chipembedzo chatsopano. Chimene adafuna ndi kumveredwa.

Chachitatu, zimene Mwangilikani amapemphera lero zidaumbidwa Henry atamwalira kale mu 1547. Buku la mapemphero la m'Chingerezi, ntchito ya Cranmer, lidatuluka mu 1549 ndipo lidakonzedwanso mu 1552, pa nthawi ya Edward VI. Mary atalowa ufumu mu 1553 adabwezera dzikolo kwa Papa, ndipo anthu pafupifupi 300 adatenthedwa, Cranmer pakati pawo mu 1556. Adakhazikitsa zinthu ndi Elizabeth I mu 1559, ndipo mfundo 39 za chikhulupiriro cha mpingowo zidamalizidwa mu 1571. Anthu amene adalolera kupsa ndi moto sadafere ukwati wa Henry. Adafera zimene adakhulupirira za Baibulo ndi za Misa.

Komabe amene amafuna kuchotseratu dzina la Henry m'nkhaniyi nawonso akulakwitsa. Dzanja la mfumu lidali lolemera. Thomas More ndi bishopu John Fisher adadulidwa mitu mu 1535 chifukwa chokana kulumbira. Kuyambira 1536 mpaka 1540 nyumba za amonke ndi masisitere zidatsekedwa, chuma ndi minda yawo nkulowa m'manja mwa mfumu ndi anthu ake. Iwo amene adakondwera kuti amasuka kwa Papa adapeza kuti mbuye watsopano ali pafupi ndipo ali ndi lupanga. Walira mvula walira matope. M'zaka zosakwana 30, munthu wamba wa ku England adauzidwa kangapo kusintha kapemphereredwe kake, potengera amene wakhala pampando.

Apa ndi pamene pali phunziro lenileni, ndipo mawu a chisudzulo aja amalibisa. Amatiseketsa ndi chilakolako cha munthu mmodzi, nkutiiwalitsa funso lalikulu: chimachitika nchiyani wolamulira dziko akatenga mphamvu yogamula za chikhulupiriro? Funso limeneli silisankha chipembedzo.

Mpingo umene tikuuona kunyanja kuno uli ndi mbiri yakeyakenso. Udafika ndi amishoni a UMCA, amene adayamba ku Magomero mu 1861 pansi pa bishopu Charles Mackenzie, nakhazikika ku Likoma mu 1885. Amishoniwa adali a mbali ya mpingo yokonda miyambo yakale ya Chikatolika, nchifukwa chake anansi athu amanena za Misa ndipo wansembe wawo amamutcha Bambo. Mfumu Charles III ili ndi udindo pa mpingo wa ku England wokha. Aangilikani a ku Malawi ali m'chigawo chodziimira pachokha cha pakati pa Africa, chokhazikitsidwa mu 1955, ndipo mabishopu awo sasankhidwa ku London.

Chotero wofuna kunena zoona anene kuti Henry adadula chingwe cha ku Rome pa zifukwa za ukwati, ufumu ndi chuma, koma chiphunzitso ndi mapemphero zidaumbidwa ndi ena m'zaka pafupifupi 40 zotsatira. Mawu amenewa ndi aatali, ndipo sasangalatsa gulu ngati aja. Koma mwana amene tamuphunzitsa theka la mbiri ya mnansi wake adzachita manyazi tsiku limene adzakumane ndi wodziwa theka linalo.