Themomita Payokha Siingasunge Banja

M'chaka cha 1935 wansembe wa ku Germany, Bambo Wilhelm Hillebrand, anayamba kulangiza amayi kuti aziyeza kutentha kwa thupi lao m'mawa uliwonse, ataona kuti kuwerenga masiku motsata Ogino ndi Knaus kunali kugwiritsa mwala mabanja ena. Maziko a njira yakeyo ndi oona. Dzira likatuluka, thupi la mayi limatentherako pang'ono, ndi madigiri 0.2 mpaka 0.5, ndipo limakhala chotero kufikira msambo utayandikira. Kutenthako kukakhala masiku atatu otsatizana pamwamba pa masiku asanu ndi limodzi apambuyo, nyengo yotenga pakati yatha mwezi umenewo.

Koma ife ophunzitsa za ukwati tiyenera kunenanso zofooka zake poyera. Themomita imanena za dzira limene latuluka kale. Siichenjeza kuti likudza. Pamene mbeu ya bambo ingathe kukhala yamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku asanu, chenjezo lochedwa silikwanira. Ndiponso mayi ayenera kuyeza pa ola lomwelo, asanadzuke pamphasa, atagona mokwanira. Nanga mayi woyamwitsa amene wadzuka katatu usiku? Nanga wodwala malungo? Kwa iwo manambala amasokonekera. N'chifukwa chake nzeru ya John ndi Evelyn Billings a ku Australia, yoyang'ana chikazi chimene chimasintha dzira lisanatuluke, iyenera kuphunzitsidwa limodzi ndi themomita. Ngakhale mapulogalamu a pafoni, monga Natural Cycles imene inaloledwa ku America mu 2018, amadalira muyeso womwewo.

Chofooka chachikulu chili mwa ife. Tasenzetsa mayi katundu yense: ayeze yekha, alembe yekha, akane yekha. Pakati pakadza mosayembekezeka, mlandu ukhalanso wake. Chonsecho Papa Paul VI, m'kalata ya Humanae Vitae ya 1968, povomereza kutsata nyengo zosabereka anapempha kudziletsa kwa onse awiri. Bambo wobwera usiku ataledzera, osafunsa kanthu, amafafaniza m'kamphindi zimene mkazi wake walemba mwezi wathunthu.

Inu abambo, mutu umodzi susenza denga. Mawa m'mamawa mayi akayeza, cholembera chikhale m'dzanja lanu, ndipo masiku odikira muwawerenge pamodzi.