Za Makina Akale Ogulitsa Zakumwa, ndi Mayesedwe a Mtengo Wake

Amene afika ku Biwi, mu mzinda wa Lilongwe, adziwa kuti kumeneko chitsulo sichitayika. Galimoto yakufa aiphwasula, zamoyo zake nazigulitsa, ndipo zotsala aziika pa sikelo, nazilipira monga mwa kulemera kwake. Ntchitoyi njabwino, pakuti idyetsa mabanja ambiri. Koma sikelo ingodziwa kulemera kokha. Siifunsa kuti chinthu anachipanga ndani, kapena liti. Tsono ku America kuli anthu ena amene ayesa zitsulo zakale mwa njira yina, ndiwo osonkhanitsa makina akale ogulitsa zakumwa. Ife tifuna kuweruza njira yaoyo, kuti tione chimene tingatolepo ndi chimene tiyenera kuchisiya.

Poyamba tifotokoze makinawo, popeza m'midzi mwathu sanafalikire. Ali ngati kabati ya chitsulo yoziziritsa ndi magetsi, yodzala mabotolo. Munthu aponya ndalama pa kabowo, natembenuza chogwirira, ndipo botolo limodzi limasuka, popanda wogulitsa. Nzeruyi njakale ndithu. M'zaka 100 zoyamba za nyengo ya Ambuye wathu, Hero wa ku Alexandria, m'dziko la Aigupto, analemba za mtsuko wogulitsa madzi opatulika pa akachisi a mafano: ndalama inali kugwera pa kambale, kambaleko nkutsika ndi kutsegula chotsekera, madzi nkutuluka kufikira ndalamayo itatsetsereka.

Makina amene osonkhanitsa awafuna koposa ndi a zaka za m'ma 1950. Ambiri anapangidwa ndi kampani ya Vendo, imene inayamba mu 1937 ku Kansas City. Ena ndi a Cavalier a ku Chattanooga, ndi a Vendorlator a ku Fresno. Kuyambira 1886 kufikira m'ma 1950, Coca-Cola anagulitsidwa pa masenti 5, ndipo chimodzi cha zifukwa zake chinali makina omwewa, pakuti ambiri anali kulandira ndalama imodzi yokha ya masenti 5, osatha kubweza chenje. Lero makina otere, akakonzedwa bwino, agulidwa ndi madola zikwi zingapo.

Nanga awazindikira bwanji? Ayamba afuna kachitsulo kokhomedwa pa thupi la makina, kolembedwa dzina la wopanga, mtundu ndi nambala. Dzina la mtundu kawirikawiri linena kuchuluka kwa mabotolo: Vendo 39 isunga 39, Vendo 44 isunga 44, Vendo 81 isunga 81. Kenaka ayang'ana mutu wake, pakuti a m'ma 1950 ali ndi mapewa obulungira, koma otsatira a m'ma 1960 ali ndi ngondya. Atatero atsegula chitseko, naona ngati cholandirira ndalama chilipo, ngati moikamo mabotolo ndi mwake mwake, ngati choziziritsa chigwira ntchito, ndi pamene dzimbiri lafika. Ang'onoang'ono, monga Vendo 44, apambana akulu pa mtengo, chifukwa alowa bwino m'nyumba ya munthu.

Pa ichi tiwayamika. Iwo sakhulupira mau a wogulitsa, kapena kuwala kwa utoto. Afuna kuti chinthucho chidzichitire chokha umboni. Adziwa kuti alipo onyenga amene apaka makina wamba utoto wofiira, namamatizapo dzina lotchuka. Makolo athu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo anthu awa, ngakhale sanaumve mwambiwo, ausunga. Wogula amene afunsa nambala asanafunse mtengo anyengedwa mwa apo ndi apo.

Koma pali mbali imene sitingaiyamike. Makinawo anapangidwa kuti atumikire waludzu pa njira; lero ambiri aima m'zipinda za anthu olemera, ongowayang'ana. Ena powakonza achotsa utoto wonse wakale, nasintha zam'kati, kotero kuti chotsala chakale ndi kachitsulo ka nambala kokha. Komabe achitcha chakale, nakweza mtengo. Apa umboni umene anautama poyamba aufafaniza ndi manja ao. Ndiponso tizindikire kuti mtengo waukuluwo suli m'chitsulomo iai. Uli m'mitima ya anthu okumbukira ubwana wao, pamene anagula botolo ndi masenti 5. Makina omwewo mutawatula ku Biwi, kumene kulibe wowakumbukira, abwerera ku mtengo wa pa sikelo. Chinthu chakale chikhala ndi mtengo pokhapo pali wochifuna, ndipo wochifunayo ali ndi ndalama m'manja.

Mau awa atikhudza ife, pakuti nafenso tili nazo zakale zathu. Fakitale ya Southern Bottlers, imene tiitcha Sobo, inayamba ku Blantyre mu 1955, ndipo zakumwa zake zinafika kwa ife ndi manja a anthu, m'makireti, m'magolosale ndi m'maokala, kumene wogulitsa adziwa dzina la wogula, nalandira botolo lakale. Chotero zotsala kwa ife ndi mabotolo, zikwangwani, ndi ndalama zimene tinagulira. M'mabokosi a agogo mukali makobiri a bowo a Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba mu 1955. Mukali masheleni a Malawi a 1964, amene anagwira ntchito kwacha ndi tambala zisanadze mu 1971. Mulinso nsimbi za makala, ndi makina osokera a Singer, amene nambala yake inena chaka chimene anapangidwa.

Pa zinthu izi tilakwa pawiri. Ena azipereka kwa ogula zitsulo ndi mtengo wa mchere, osawerenga n'komwe cholembedwapo. Ena amva mphekesera kuti kobiri la bowo kapena nsimbi yakale igula nyumba, nayamba kulipira amkhalapakati amene alonjeza wogula wa kutali, wosaoneka nkhope. Abale, makobiri aja anasulidwa ochuluka zedi, ndipo chochuluka sichikhala cha mtengo wapatali, chingakhale chakale chotani. Munthu wofuna kuti muyambe mwamlipira kuti akugulitsireni chinthu chanu, cholinga chake chili pa ndalama yanuyo.

Chifukwa chake tinena motere. Chakale chili chonse chisanapite pa sikelo, chiwerengeni, mulembe dzina, nambala ndi chaka. Musachikweche ndi mchenga kapena phulusa, musachipake utoto, pakuti odziwa akonda chinthu monga chinaliri. Funsani anthu awiri kapena atatu osadziwana, ndipo musalipire kanthu malonda asanachitike. Akulu a mpingo asamale koposa, chifukwa belu losweka, chikho chakale cha Mgonero, ndi mabuku a maina a obatizidwa si za mbadwo uno wokha; wosula zitsulo atha kusungunula belu tsiku limodzi, koma palibe amene adzalibweze.

Ndipo mukapeza kuti chinthu chanu chilibe wochigula, musachinyoze. Sheleni imene amai anu anailandira pogulitsa mtedza isungeni, muionetse kwa adzukulu, muwauze chimene inagula m'masiku ake, ndi thukuta limene linaibala.