Kafukufuku wa ku Queens sanayankhe funso la wodwala wa ku Mulanje

Mu 2017 magazini ya The Lancet Infectious Diseases inasindikiza kafukufuku wa Patrick Musicha ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome. Iwo anaunika zotsatira zoposa 190,000 za magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti matenda a mabakiteriya a m'magazi anachepa, koma tizilombo tosamva mankhwala tinachuluka. Pa tizilombo ta E. coli, tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tinakwera kuchoka pa maperesenti 0.7 mu 2003 kufika pa 30.3 mu 2016. Tosamva ciprofloxacin tinakwera kuchoka pa 2.5 kufika pa 31.1.

Ntchitoyi ndi yoyamikika. Zipatala za mu Africa zimene zasunga zotsatira zotere kwa zaka 19 mosadukiza ndi zowerengeka, ndipo manambala a zaka zambiri sasokonezedwa ndi mliri wa chaka chimodzi. Ikukhudzanso aliyense wothandiza odwala chikhodzodzo, chifukwa E. coli ndiye amayambitsa matenda ambiri a m'njira ya mkodzo.

Koma namwino wa ku Muloza kapena ku Chonde asatenge manambalawa ngati a odwala ake. Choyamba, ofufuzawa anayeza magazi, osati mkodzo, ndipo kafukufukuyu sanena kuti ndi matenda angati anayambira m'chikhodzodzo kapena mu impso. Chachiwiri, amene amatengedwa magazi ku Queens ndi anthu odwala kwambiri, ena atamwa kale mankhwala kwina. Tizilombo tawo tingathe kukhala tolimba kuposa ta mayi wa kumudzi amene wayamba dzulo kumva kuwotcha pokodza. Chachitatu, kafukufukuyu sanatsate odwalawo kuti aone amene anachira ndi amene anamwalira.

Choncho owerenga angalakwe pawiri. Wina angataye ciprofloxacin poganiza kuti watha mphamvu paliponse. Wina anganene kuti zimenezi n'za m'tauni, n'kumapereka mankhwalawa kwa aliyense wodandaula za mkodzo. Onse awiri alibe umboni wa ku Mulanje, popeza zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zilibe labotale yomeretsa tizilombo ta mu mkodzo.

Palinso mbali ina imene kafukufuku woyang'ana tizilombo tokha sangaifike, ndiyo chitetezo cha thupi. Impso zimapanga puloteni yotchedwa uromodulin, imene Igor Tamm ndi Frank Horsfall anailongosola mu 1950. Mu 2020 ofufuza a ku ETH Zurich anaonetsa m'magazini ya Science kuti puloteniyi imakhala ngati ulusi wautali umene umakola timaubweya ta E. coli. Kachilombo kakakodwa chotero kamalephera kumatirira ku khoma la chikhodzodzo, ndipo kamatuluka ndi mkodzo. Chitetezochi chimadalira kuti mkodzo uziyenda. N'chifukwa chake amayi oyembekezera, abambo otupa prostate ndi odwala oikidwa kapaipi kokodzera amagwidwa msanga.

M'madera akumwera kwa Malawi muli chinanso chowononga khoma limeneli: likodzo. Mazira a nyongolotsi ya Schistosoma haematobium amabaya khoma la chikhodzodzo, n'kuchititsa ululu ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. Mwana amene amasamba m'madzi odekha okhala ndi nkhono akabwera ndi zizindikiro zimenezi, likodzo liganiziridwe msanga, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Kumupatsa maantibayotiki okha sikupha nyongolotsizo, koma kumapereka mpata kwa mabakiteriya osamva mankhwala a m'matumbo mwake kuti achuluke.

Kafukufuku wa ku Queens wachenjeza dziko mokwanira. Wotsatira wake ayenera kutenga mkodzo wa odwala a m'maboma ngati Mulanje, kuyezamo mabakiteriya pamodzi ndi mazira a likodzo, ndi kuwatsata odwalawo mpaka zotsatira zake zidziwike. Podikira zimenezo, anamwino ndi alangizi a zaumoyo angathe kulemba m'kaundula aliyense wobwerera asanachire, mankhwala amene anamwa ndi masiku ake. Mayi woyembekezera amene watentha thupi ndi kumva kupweteka m'nthiti cha kumsana atumizidwe ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.