Nyanja ya M'ndakatulo ndi Nyanja ya kwa Kachindamoto

Ndakatulo ndi zimangirizo zambiri zimene ophunzira amalemba pa mutu wa Nyanja ya Malawi zimafanana ngati mapasa. Madzi ake amakhala obiriwira nthawi zonse, mchenga wake woyera, dzuwa likutuluka mokongola, ndipo asodzi akupalasa mabwato akuimba. Mawu otere ndi okoma kuwamva, ndipo amaonetsa kuti mlembi amakonda dziko lake. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikazisanthula bwino zolembazi, tipeza kuti nyanja imene zikunena si imene anthu a ku Mtakataka, ku Golomoti ndi ku Mua amaidziwa.

Chilema choyamba ndi chakuti nyanja ya m'ndakatulo ilibe nyengo. Msodzi wa kwa Kachindamoto amadziwa kuti kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera, imene imautsa mafunde ndi kugonetsa mabwato pamchenga. Amadziwanso mpoto, mphepo yochokera kumpoto imene imadza m'nyengo ya mvula. Nthawi imeneyo mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza, monga Nadzipokwe wodutsa pa Mua, imabweretsa matope, ndipo madzi a kugombe amafiira. Mlakatuli amene angonena kuti "mphepo" osaitchula dzina lake wataya chuma cha chinenero chimene makolo anachisonkhanitsa poyang'ana thambo ndi madzi.

Chilema chachiwiri ndi chakuti zamoyo zimatchulidwa mwachisawawa. Timamva za "nsomba" ndi "mbalame" basi. Komatu chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga wa pansi pa madzi, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake. Usipa amaupha usiku pounyengerera ndi kuwala kwa nyali, kenaka n'kuuyanika pathandala. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu kumbuyo. Nkhungu zimatuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa. Duwa loyera la mlambe, mtengo umene uli ponseponse m'chigwachi, limatseguka madzulo ndipo mileme imaliyendera usiku. Chilichonse mwa zimenezi chingathe kunyamula ndakatulo yathunthu. Kodi pali fanizo la chikondi cha mayi loposa la nsomba imene imadzimana chakudya chifukwa m'kamwa mwake muli ana?

Chilema chachitatu, chimenenso chili chachikulu, ndicho kubisa mavuto. Chambo chachepa kwambiri kummwera kwa nyanja chifukwa cha kupha mopyola muyeso, ndipo ena amakokera tiana ta nsomba ndi masikito otetezera udzudzu. M'madzi osaya muli nkhono zofalitsa likodzo. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe, minda ndi nyumba m'madera ambiri. Mlembi amene angoyamikira kukongola, osaona zonsezi, akufanana ndi mlendo wodutsa pagalimoto mumsewu wa M5, amene amaona nyanja patali koma osaponda matope ake.

Ena anganene kuti ntchito ya ndakatulo ndi kusangalatsa, osati kuphunzitsa sayansi. Zimenezo n'zoona pang'ono. Sitikupempha mlakatuli kuti alembe lipoti la usodzi. Tikunena kuti kukoma kwenikweni kumachokera m'kuona chinthu monga chilili. Chitsanzo chabwino chili pa Mua pomwepo. Pa malo a zaluso a KuNgoni, amene anakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976, amisiri osema ziboliboli anatchuka chifukwa chotenga nkhope, zovala, magule ndi ntchito za anthu a m'midzi yowazungulira n'kuziika pamtengo. Sanafunefune kukongola kwa kutali. Ngati sompho ingathe kunena zoona za kwawo, cholembera chingalephere bwanji?

Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa chinthu chimene sichitchulidwa chimaiwalika msanga. Gawo la nyanjayi la ku Cape Maclear linakhala malo otetezedwa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984, makamaka chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, monga mbuna, zimene sizipezeka kwina kulikonse. Zingakhale zamanyazi kuti alendo adziwe mayina a nsomba zathu pamene zolemba zathu zingoti "nsomba."

Choncho inu amene mukuphunzira kulemba, musanayambe ndakatulo ya nyanja, khalani pansi ndi agogo amene anakalambira pabwato. Afunseni mayina a mphepo, a maukonde ndi a nsomba zimene anazipha ali anyamata koma lero sizionekanso. Mukatero, ndakatulo yanu idzanunkha usipa wa pathandala, ndipo munthu wa ku Mtakataka akadzaiwerenga adzazindikira kuti mukunena za kwawo.